Malo Olonjezedwa

Ku Slough, kuseri kwa mpanda wa waya,
m'nyumba yopanda zenera ndi limodzi lomwe,
ndimalondera makina usiku.
Amalira ngati njuchi zotsekeredwa m'chigubu.
Mpweya wa muno amauziziritsa dala
kuti iwo asatenthe. Ine ndili ndi juzi.

Ntchito yanga ndi kulonjeza.
A ku maakaunti akapempha malo, ndimalemba: materabaiti makumi anayi.
A zamalonda, makumi anayi nawonso.
A zamalamulo, omwe sataya ngakhale khadi ya Khirisimasi,
makumi asanu ndi limodzi.
Aliyense akasuzumira pa kompyuta yake
amaona bwalo lalikulu, losesedwa, lake yekha.
Koma ine madisiki ndinawawerenga ndi chala.
Sakwana theka la zimene ndalonjeza.

Sabata yoyamba ndinafunsa Mayi Hargreaves
ngati limeneli si bodza.
Anaika kapu ya tiyi pa fayilo, naseka.
Anati munthu amapempha chipinda chonse
koma amabwera ndi chikwama chimodzi.
Tigulirenji lero disiki yodzadzaza chaka cha mkuja,
izingozungulira yopanda kanthu, ikudya magetsi,
pomwe mawa itsika mtengo?
Anandilozera nambala papepala,
mapaundi zikwi makumi asanu ndi atatu
omwe chaka chatha sanatuluke m'thumba la kampani.
Malo timapereka munthu akalembapodi, anatero,
chachikulu diso lisachoke pa geji.

Ndiye ndimayang'ana geji,
ine ndi fulasiki yanga.

Usiku wathawu, kutha kwa Malichi, mabuku a chaka akutsekedwa,
onse anakumbukira malonjezo nthawi imodzi.
Cha m'ma thiri koloko mzere wobiriwira unachita chikasu,
unakwera, unapuma pang'ono, unakweranso,
foni yanga n'kuyamba kunjenjemera yokha pa desiki.
Ndinakankha tirole m'kanjira kozizira,
madisiki asanu ndi atatu akadali m'mapulasitiki awo,
zala zauma gwaa,
kulowetsa imodziimodzi mpaka kumva kuti kha!
Mzere unabwerera pansi mwaulesi.
Malipoti awo atuluka bwinobwino m'mawa uno
ndipo palibe adzadziwe.
M'buku ndalembamo mizere iwiri basi.

Sikisi koloko ndakwera basi ya ku Chalvey.
Kumeneko kuli chipinda chimodzi, bedi limodzi, anthu awiri.
Sungani amagona usiku, ine masana.
Mwini nyumba amalandira lendi kwa tonse,
aliyense anamuuza payekha kuti chipindachi n'chako.
Miyezi isanu ndi inayi zayenda ndithu:
ndikamamasula zingwe za nsapato, iye akumanga zake,
timapatsana moni pa masitepe,
pilo ndimaipeza ikadali yofunda.

Lero nsapato zake ndazipeza pakhomo.
Ali m'bulangeti, thupi moto, chifuwa chikulira,
ku weyahausi wawauza kale kuti safika.
Watsegula diso limodzi.
Pepani achimwene, watero, akufuna kudzuka.
Ndamukankhira phewa pa matiresi.

Ndaimirira pakati pa chipinda, chikwama chili kumsana,
maso akufunafuna tirole,
kabati yoti nditsegule, nditulutsemo bedi lina
likadali m'pulasitiki yake.
Muli mpando umodzi, ketulo, ndi sutikesi ziwiri
zomwe sitinamasule chibwerere.

Mayi Hargreaves sananame, masamu awo ndi oona.
Mwini nyumba nayenso, awo ndi masamu omwewo.
Kungoti kuno geji kulibe.

Ndamuwiritsira madzi a mandimu.
Ndayala jekete pansi, pafupi ndi hita,
juzi ija ndaipinda kukhala pilo.
Ndege yopita ku Heathrow yadutsa chapansipansi, zenera lanjenjemera.
Sungani wasendera kukhoma ali m'tulo,
wasiya kampata kokwana mkono umodzi.
Ndakayang'ana nthawi yaitali.
Alamu ndaitchera faifi koloko.